Mluzu wa a Kamtedza ndi Thole Limodzi

Kalekale, komatu si kale la nyanda ndi zikopa ayi, ndikunena kale la dzana lomweli, mafoni a m'manja atafika kale m'midzi, kudali bambo wina woyendetsa ngolo, dzina lawo a Kamtedza. Ankakhala chikamwini kwa akazi awo a Nangondo, m'mudzi wina wa kuseri kwa Mponela. Ankatuta njerwa, mchenga, manyowa ndi chimanga, ndipo ana angapo a m'mudzimo adatsala pang'ono kubadwira m'ngolo yawo pa ulendo wa kuchipatala.

Ng'ombe zawo zapangolo zidali ziwiri, Bantomu ndi Jamani, ndipo sizinkadziwa chikoti. A Kamtedza adazilera ndi mluzu zikadali zazing'ono. Akaimba mluzu umodzi wautali zinkadzuka n'kuyamba ulendo, akaimba iwiri yaifupi zinkakhota, akautsitsa zinkaima. Munthu wina akagwira zingwe, kaya akuwe mpaka mawu kusasa, ng'ombezo zinkangomuyang'ana uku zikubzikula. A Kamtedza ankanyada nazo zimenezi, mwinanso mopitirira muyeso. Ankakonda kunena kuti, "Khasu langa ine lili pakamwapa." Ndipo sankanama, banja lonse linkadya mluzu umenewo.

Chaka china, m'mbali mwa lilime lawo, chakumbuyo kwenikweni, mudatuluka kachilonda. Iwo adakabisa, monga timachitira amunafe, poganiza kuti matenda ukapanda kuwatchula amachita manyazi n'kuchoka okha. Koma a Nangondo adaona kuti munthu amene ankatafuna kambuzi ngati mtedza wayamba kukankhira tsabola m'mphepete mwa mbale.

"Tatsegulani kukamwa, abambo."

"Ndangodziluma."

"Mwezi wachitatu uno mukudziluma malo amodzimodzi? Mawa tikupita kuchipatala."

Chipatala cha pafupi chidawatumiza ku chachikulu cha mumzinda. Kumeneko adatapa kanyama pachilondapo n'kukapima, ndipo mayankho atabwera adati ndi khansa, yofunika opaleshoni msanga. A Kamtedza adachita mantha kwambiri, ndipo sindiwaseka.

M'mawa wa tsiku lokagonekedwa adalowa m'khola. Mudali ng'ombe yawo yaikazi, dzina lake Nyemba, imene idali ndi bere. Adaisisita pamimba nati, "Nangondo, ukhale mboni. Ndikadzabwera wamoyo, mluzu wanga uli pakamwa, mwana ali m'mimbamuyu ndidzampatsa munthu amene wandipulumutsira mluzuwo." A Nangondo adavomera, naonjeza kuti basi sidikira munthu wolumbira m'khola.

Tsono mvetserani bwino, pakuti kuchipatalako adakumana ndi anthu atatu, ndipo mlandu wake mugamula ndinu.

Woyamba adali Dokotala Chikakuda, mayi wamfupi, wa imvi zapatalipatali, wosataya nthawi ndi mawu okometsera. Adawakhazika pansi awiriwo n'kuwafotokozera kuti pokachotsa chotupa m'kamwa pali makomo atatu. Loyamba ndi lomwe adaika Mulungu: kulowera pakamwa pomwepo, osacheka khungu paliponse. Lachiwiri ndi kucheka pansi pa chibwano, kuchokera mbali iyi kukafika mbali iyo, n'kukweza khungu m'mwamba, kuti chipsera chidzabisale pakhosi. Lachitatu ndi kung'amba mlomo wam'munsi pakati, kutsika mpaka pachibwano, n'kutsegula fupa la nsagwada ngati chitseko.

A Kamtedza sadadikire kuti mayiyo amalize. "Loyambalo, adokotala! Khomo lilipo kale, tigumulirenji khoma?"

Dokotala adawauza kuti ayasamule. Adayesa kulowetsa zala zitatu, koma zidalowa ziwiri zokha, nazonso mokakamiza.

"Bambo, kukamwa kwanu sikukutseguka mokwanira, ndipo chotupachi chakathera kumbuyo komwe diso langa silifika. Ndikalowera pakamwa ndidzadula masamba n'kusiya mizu. Mudzatuluka muno okongola bwinobwino, koma chaka chamawa mayiwa adzakhala namfedwa. Ine sindidula chimene sindikuchiona."

A Kamtedza adapempha, adachonderera, kenaka adapsa mtima n'kuyamba kulongedza zovala m'chikwama, amvekere akabwerera kwawo kukamwa mankhwala azitsamba. Dokotala wina akadangoti chabwino, tiyese pakamwapo, kuti wodwala asathawe. Mayi Chikakuda adangokoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi, odwala ena akumudikira panja, n'kumabwereza mawu omwewo modekha mpaka chikwama chija chidabwerera pansi pa bedi. Adagwirizana za khomo lachiwiri, la pansi pa chibwano, ndipo a Kamtedza adasangalala kuti nkhope yawo siikhudzidwa. Dokotala adawachenjeza kuti njira imeneyi imasiya mlomo wam'munsi wosamva kanthu, mwina mpaka kalekale. Iwo adayankha monga amayankhira munthu woleredwa bwino pamaso pa wophunzira: "Ee, adokotala. Zikomo, adokotala." Pakhadi pawo padalembedwa kuti ndi mlimi, ndipo palibe adafunsa kuti amalima ndi chiyani.

Wachiwiri adali namwino wamwamuna, a Kumwembe, munthu wansangala amene adakulira kubusa ng'ombe za agogo ake ku Ntcheu. Opaleshoni idali ya Lachinayi. Lachitatu masana, a Kumwembe akusintha diripi ya wodwala wa bedi loyandikana, foni ya a Kamtedza idalira. Adali a Dzoole, mchimwene wa a Nangondo, amene adasiyiridwa ngolo.

"Alamu, ng'ombe zanuzi zandichititsa manyazi! Zagona pakati pa msewu chigonere cha m'mawa, njerwa za tchalitchi zili m'ngolo, ndipo abusa aima pomwepa akundiyang'ana."

"Mwazimenya?"

"Pang'ono pokha."

"Ndiye mwazinyoza. Kwezani mawu a foniyo, muike pakhutu la Bantomu."

A Kamtedza adakhala tsonga pabedi, adasongola milomo, ndipo ngakhale lilime linkawawa, adaimba mluzu umodzi wautali. Mufoni mudamveka goli kugogoda, mateyala kuyamba kuyenda, ndi anthu kukuwa mokondwa. Wodi yonse idaphulika ndi phwete, mpaka mkulu wina amene adasokedwa pamimba adachita kugwira chilonda kuti ulusi usaduke.

A Kumwembe okha ndiwo sadaseke. Adasendera pafupi nafunsa, "Bambo, mlomo wanuwu utasiya kumva, mungaimbenso mluzu wotere?"

"Ndingaimbe bwanji, achimwene? Mluzu umamveka ndi mlomo usanamveke ndi khutu."

"Nanga adokotala atakuuzani kuti mlomo sudzamva, inu munayankha chiyani?"

"Ndinati zikomo."

"Chifukwa chiyani?"

"Munthu wophunzira akamalankhula, ungamudule mawu?"

A Kumwembe adagwira m'mutu. "Safunsa anadya phula, bambo!"

Dziwani kuti mayi Chikakuda adali munthu woopedwa. Dongosolo la opaleshoni lidali litalembedwa kale pabolodi, ndipo namwino sakonza dongosolo la dokotala wamkulu ngati akufuna kukhala pamtendere. Koma a Kumwembe adapita ndithu, n'kumupeza atazunguliridwa ndi ophunzira ake.

"Pepani, mayi dokotala. Bambo a pabedi lachisanu aja si mlimi wa khasu ayi. Amadyera mluzu. Tikawachotsera kumva kwa mlomo, tawachiritsa ndithu, koma tawachotsanso ntchito."

Ophunzira aja adayamba kuyang'ana nsapato zawo. Kenaka dokotala adanyamuka molunjika pabedi lachisanu. Adauza a Kamtedza kuti aimbe mluzu, ndipo adamvetsera mutu uli chopendekeka. Atatero adawagwira ndi zala ziwiri, china mbali iyi ya chibwano, china mbali inayo.

"Apa ndi apa pamatulukira timitsempha tiwiri topatsa mlomo kumva. Ndikakweza khungu kuchokera pansi, ndiyenera kutidula. Ndikadzera pakati pa mlomo, ndidutsa pakati pa tiwirito osatikhudza, ndipo chotupacho ndichiona bwino lomwe. Koma mudzakhala ndi chipsera pankhope. Ndinalakwa kusakufunsani. Tsopano ndikufunsa: nkhope kapena mluzu?"

A Nangondo, amene adali gadiyani, adayankha amuna awo asadatsegule pakamwa. "Nkhopeyo ndaiyang'ana zaka makumi atatu, adokotala, yandikwana. Tisiyireni mluzu."

"Ndi zoona," adatero a Kamtedza. "Ng'ombe siziyang'ana nkhope."

Dongosolo la pabolodi lidafufutidwa. Komabe mluzu udali usadapulumuke, chifukwa mlomo wong'ambidwa ukasokedwa mokhota pang'ono pokha umasiya kampata, ndipo mpweya umathawira pomwepo ngati chubu chobooka.

Wachitatu adali Dokotala Mtambalika, mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, wothandizira mayi Chikakuda. Mayi ake adali telala pamsika wa Luchenza, ndipo iye adakulira pafupi ndi makina osokera, akuona momwe amalumikizira maluwa a chitenje kuti pamsoko pasaoneke. Lachinayi m'chipinda cha opaleshoni, a Kamtedza atagonetsedwa, mpeni usadakhudze khungu, iye adapempha cholembera kuti ajambule mzere wochekamo.

Sadajambule mzere wowongoka. Pamalire pomwe kufiira kwa mlomo kumakumana ndi khungu adaika kakona kakang'ono, kuti pobweza mbali ziwirizo zidzalowane pamalo pake. Kuchoka apo adatsika pang'ono, n'kuzungulira kaphiri ka chibwano potsata mkwinya womwe udalipo kale, mpaka kukafika pakhosi. Kenaka adadontheza timadontho tiwiritiwiri toyang'anizana, mbali iyi ndi mbali iyo ya mzerewo.

Mayi Chikakuda adadutsa mu mzere womwewo, adatsegula nsagwada, ndipo chotupa chija chidaonekera chonse mpaka kumizu. Adachichotsa pamodzi ndi nyama yabwino yochizungulira, adachotsanso anabere a m'khosi, n'kulumikiza fupa ndi tizitsulo. Ntchito imeneyi idatenga maola asanu ndi limodzi, ndipo aliyense msana udali utauma. Otsala adali masokedwe, omwe ambiri amawayesa ntchito yongomalizitsa.

Dokotala Mtambalika adayamba ndi mkati, kenaka adalumikiza mnofu wozungulira pakamwa, uja timasongolera milomo, nsonga ndi nsonga. Atafika pamalire a kufiira kuja adasoka ulusi woyamba, adauyang'ana, n'kuumasula. Adasokanso, n'kumasulanso. Wogonetsa odwala adayang'ana wotchi yapakhoma nati, "Adokotala, pamenepo pali bwino, ndani adzaone?"

"Mpweya udzaona," adayankha mnyamatayo osadzutsa mutu. "Amayi ankati maluwa akaphonyana pamsoko, diresi lonse laphonya."

Kachitatu timadontho tija tidakumana ndendende. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye adadekha ola lina lathunthu anzake akusinthanitsa miyendo.

A Kamtedza adadzuka nkhope ili yotupa ngati dzungu. Milungu iwiri adadya phala kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, ndipo popeza sankatha kudandaula ndi pakamwa, ankadandaula ndi maso, a Nangondo n'kumawayankha kuti aka n'koyamba kupuma m'banja lawo. Mayankho a chotupa chija atabwera, adaonetsa kuti m'mphepete mwake monse mudalibe khansa. Mayi Chikakuda adamwetulira tsiku limenelo, ndipo anamwino adauzana ngati nkhani yodabwitsa.

Atafika kumudzi, asadalowe n'komwe m'nyumba, adathamangira kukhola. Adasongola milomo, adapuma, n'kuuzira. Chidatuluka ndi mpweya ndi malovu basi. Bantomu adawayang'ana monga ankayang'anira a Dzoole, ndipo zimenezi zidawapweteka mtima a Kamtedza kuposa mpeni uja. Adangotembenuka n'kulowa m'nyumba.

Koma akakhudza mlomo ndi chala, unkamva. Akamwa tiyi, unkamva kutentha. Tsono m'mawa uliwonse ankapita kuseri kwa nkhokwe kukayeserera, mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, nkhuku zokha zili mboni. Kutupa kudaphwa, lilime lidazolowera kuchepa kwake, ndipo chipsera chidalowa mu mkwinya wa chibwano mwakuti ukafuna kuchiona unkachita kusuzumira.

Tsiku lina m'mawa, anthu akututa chimanga, a Nangondo akupeta pakhomo adamva kamawu kowonda kuseri kwa nkhokwe. Adaimitsa lichero. Kamawu kaja kadabweranso, kenaka kadakula, kadatalika, mpaka kudzaza bwalo lonse. M'khola Bantomu adaimika makutu n'kudzambatuka, Jamani pambuyo pake, ndipo zonse ziwiri zidakaima pachipata kudikira goli. A Nangondo adataya lichero ndi mphale yomwe, adaliza nthungululu yoti anthu a kutsidya adathamanga poyesa kuti kwabadwa mwana. A Kamtedza adakumbatira khosi la Bantomu akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Tsiku limenelo ngolo idazungulira mudzi katatu yopanda katundu, itadzaza anthu oimba.

Pa nthawiyo n'kuti Nyemba atabereka kale. Adabereka thole lalikazi, lofiirira, la banga loyera pamphumi. A Kamtedza adazungulira khola lonse kufunafuna ngati pali lina lobisala, koma lidali limodzi lokha.

Lonjezo ndi lonjezo. Thole litaleka kuyamwa, adatumiza uthenga kuchipatala, ndipo Loweruka lina onse atatu adabwera. A Kamtedza adakawachingamira kumsewu waukulu pangolo, akuimba mluzu mokometsera kuposa momwe ng'ombe zinkafunira. Kumudzi kudali thobwa, nkhuku zachikuda, mpunga, ndi anthu ochuluka ofuna kuona anthu amene adang'amba pakamwa pa mkamwini wawo n'kupasokanso. Atadya, a Kamtedza adatulutsa thole lija atalimanga chingwe chatsopano, n'kufotokoza za lumbiro lawo. Mkangano udayambira pomwepo.

A Nangondo adati, "Nkhaniyi ndi yosavuta. Mayi Chikakuda akanalola zofuna zanu zija, bwenzi pano tikukamba za chiliza. Maliro saimba mluzu."

A Dzoole adakana. "Alongo, lumbiro silinali la moyo wokha, linali la mluzu. Mayiwa anali atakonza kale zodula mitsempha ija. Popanda a Kumwembe, alamu akanabwera amoyo, inde, koma ng'ombezi bwenzi zikundizunzabe ine mpaka lero."

Abusa aja a njerwa, amene adabwera nawo kuphwandoko, adapukusa mutu. "Kusankha khomo n'kwina, kulitseka n'kwina. Mlomo ukanasokedwa mokhota, mitsemphayo ikanangothandiza a Kamtedza kumva bwino momwe mpweya ukuthawira. Tholeli ndi la mwana wa telalayu."

Anthu adagawikana patatu, aliyense akukuwa mbali yake. Pofuna kuthetsa phokoso, a Kamtedza adafunsa eni akewo, koma nawo sadathandize.

Mayi Chikakuda adati, "Ine ndikanakudulirani mluzuwo ndi manja angawa, ndili ndi mtima woyera. Musandipatse ine."

A Kumwembe adati, "Ine sindinagwire mpeni kapena singano. Ndinangomva foni ikulira."

Dokotala Mtambalika adati, "Ine ndinasoka munthu amene ena anamupulumutsa, pakhomo lomwe ena anasankha."

Wina adati mutu umodzi susenza denga, aliphe basi agawane nyama. A Kamtedza adalumpha ngati aponda moto. Thole lalikazi saphera alendo, ndi khola lathunthu likudza m'tsogolo, ndipo iwo adalumbira kupereka ng'ombe yoyenda ndi miyendo yake, osati ndiwo. Wina adati nanga bwanji a Nangondo, amene adaona tsabola akukankhidwira kumbali? Mayiwo adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Ine musandiwerengere. Pano ndi pamudzi pathu, bamboyu ndi mkamwini. Khola lonseli ndi langa kale."

Dzuwa lidapendeka, thobwa lidatha, basi yomaliza ya mumzinda idayandikira, ndipo a Kamtedza adali chiimire pakati pa bwalo, chingwe chili m'manja, thole likuwanyambita chigongono. Adayang'ana mayi amene adawakaniza khomo lophweka kuti akhale ndi moyo. Adayang'ana namwino amene adamva mluzu n'kulimba mtima kufunsa. Adayang'ana mnyamata amene adamasula ulusi kawiri kuti mpweya usapeze pothawira.

Ine ndafika pamenepa, ndipo chingwecho ndachiika m'manja mwanu. Thole ndi limodzi, manja otambasula palibe, koma lumbiro liyenera kukwaniritsidwa basi isanafike. Mukanakhala inu a Kamtedza, mukanapereka chingwecho kwa yani mwa atatuwa, ndipo awiri otsalawo mukanawauza chiyani?